Tiphunzitse ana kufunsa kuti chinthu cha pa intaneti ndi chayani

A Mkonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga, makolo komanso onse amene amakonza ndondomeko za maphunziro, pa nkhani ziwiri zomwe kawirikawiri zimakambidwa padera ngati kuti sizidziwana: kulemekeza umwini wa ntchito zaluso za anthu ena, ndi chitetezo cha ophunzira ndi aphunzitsi pa intaneti. Nkhani yoyambayo timaisiyira akadaulo a malamulo, yachiwiriyo timaisiyira akatswiri a makompyuta, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi, yemwe ndi amene amaswera ndi mwana tsiku lonse, amangotsala pakati osadziwa kuti gawo lake ndi liti. Maganizo anga ndi akuti nkhani ziwirizi ndi phunziro limodzi, ndipo phunzirolo lagona pa mafunso awiri amene mwana aliyense wogwira foni ayenera kuzolowera kudzifunsa asanadine chilichonse: chinthuchi ndi chayani, nanga mwini wake walola?

Ndiyambe ndi lamulo, chifukwa apa ndi pomwe pali kusamvetsa kwakukulu. Anthu ambiri, ngakhale amene anapita patali ndi sukulu, amaganiza kuti chithunzi, nyimbo kapena nkhani ikapezeka pa intaneti ndiye kuti ilibe mwini, makamaka ngati pambali pake palibe dzina la munthu kapena kachizindikiro ka ©. Izi si zoona. Pangano la Berne, lomwe linakhazikitsidwa mu 1886 m'dziko la Switzerland ndipo lero muli mayiko oposa 180, limanena kuti ntchito yaluso imatetezedwa popanda mwini wake kukalembetsa kulikonse kapena kuikapo chizindikiro chilichonse. Ndakatulo ikangolembedwa, chithunzi chikangojambulidwa, umwini wayamba pomwepo. Kwa mabuku ndi nyimbo, panganoli limafuna kuti chitetezocho chikhalepo moyo wonse wa mwini ntchitoyo ndi zaka zosachepera 50 iye atamwalira, ndipo mayiko a mu European Union pamodzi ndi United States anawonjezera kufika pa zaka 70. Dziko lililonse lomwe lili m'panganoli liyeneranso kuteteza ntchito za alembi a mayiko ena monga momwe limatetezera za nzika zake, kotero mawu akuti bukuli ndi lakunja ndipo mwini wake ali kutali sachotsa mlandu kwa wokopera.

Sindikufuna kuti owerenga aone lamuloli ngati mdani wa sukulu, pakuti chiyambi chake chikunena zosiyana. Lamulo lomwe nyumba ya malamulo ya ku Britain inavomereza mu 1710, m'masiku a Mfumukazi Anne, ndipo ambiri amaliwerenga ngati loyamba la mtundu umenewu, linanena pa mutu pake penipeni kuti cholinga chake ndi kulimbikitsa maphunziro. Linapatsa mlembi zaka 14 zoti wina asasindikize buku lake, ndi zaka zina 14 ngati akadali moyo, ndipo nthawiyo ikatha bukulo linkasanduka la aliyense. Ganizo lake linali lakuti mlembi akadziwa kuti thukuta lake limupindulira adzalembanso, ndipo anthu onse adzakhala ndi zowerenga zambiri. Mpaka lero lamulo siliteteza mfundo, chidziwitso kapena njira yochitira zinthu; limateteza momwe munthu wazifotokozera m'mawu ake, m'zojambula zake kapena m'nyimbo yake. Pangano la zamalonda la pakati pa mayiko lotchedwa TRIPS, la mu 1994, likunena zimenezi momveka. Palibe wosindikiza mabuku amene angaletse mphunzitsi kufotokoza momwe zomera zimapangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, koma mphunzitsi yemweyo akatenga mitu yonse ya m'buku la wina, n'kufafaniza dzina la mlembi, n'kuikapo lake, walowa m'munda mwa eni.

Aphunzitsi ambiri amene ndimacheza nawo ali m'magulu awiri, ndipo magulu onsewo akuphonya. Ena amachita mantha mopitirira, moti amaganiza kuti ngakhale kuwerengera ana ndime imodzi ya m'buku ndi mlandu. Ena sasamala n'komwe, amajambula buku lonse ndi foni n'kulimwaza pa WhatsApp, ati chifukwa ndi za maphunziro. Chilungamo chili pakati, ndipo chinalembedwa. Gawo 10 la Pangano la Berne limalola kugwira mawu a m'ntchito ya wina yomwe inatulutsidwa kale, komanso limalola mayiko kupereka mpata wogwiritsa ntchito zolemba ndi zaluso pofotokozera phunziro, malinga ngati wotengayo watenga mlingo wokwanira cholinga chakecho, wachita mwachilungamo, ndipo watchula komwe watenga pamodzi ndi dzina la mlembi. Gawo 9 limaika malire: kukopera kololedwa kukhale pa zochitika zapadera, kusasokoneze malonda abwinobwino a ntchitoyo, ndipo kusapweteke mwini wake mopanda chifukwa. Mphunzitsi safunika kuloweza zigawozi pamtima. Adzifunse chabe kuti, kodi zimene ndikuchitazi zichititsa kuti anthu amene akanagula bukuli asaligulenso? Kukopera tsamba limodzi kuti ana akambirane m'kalasi sikupha malonda a mlembi. Kumwaza buku lonse kwa anthu mazanamazana kumawapha ndithu. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake lonena za mlingo weniweni, ndipo m'mayiko ambiri muli mabungwe oimira eni ntchito zaluso amene amapereka ziphaso kwa sukulu kuti zizikopera mwalamulo. Ndi udindo wa mkulu wa sukulu kufunsa za ziphaso zimenezi, osati kusiyira mphunzitsi aliyense kuti aziganizira yekha.

Pali kusiyana kwina komwe ophunzira, makamaka a m'sukulu za ukachenjede, ayenera kukudziwa msanga. Kuphwanya lamulo la umwini ndi kugwiritsa ntchito chinthu popanda chilolezo, pamene kuba nzeru m'maphunziro ndi kunamizira kuti mawu kapena maganizo a wina ndi ako. Munthu akhoza kuchita chimodzi osachita chinzake. Wokopera ndime ya m'buku lomwe mlembi wake anamwalira zaka mazana awiri zapitazo saphwanya lamulo lililonse la umwini, koma akaipereka kwa mphunzitsi ngati yake wanama, ndipo sukulu ili ndi ufulu womulanga. Bodza la mtundu umenewu silikalamba. Mu 2011 nduna ya zachitetezo ya ku Germany, Karl-Theodor zu Guttenberg, inatula pansi udindo yunivesite ya Bayreuth itailanda digiri yake ya udokotala, chifukwa zinadziwika kuti mbali zambiri za kafukufuku wake zinali zokopera popanda kutchula eni ake. Amene anafukula zambiri mwa ndimezo anali anthu wamba ogwirira pamodzi pa intaneti. Intaneti yomwe imachititsa kukopera kukhala kosavuta ndi yomweyonso imachititsa kugwidwa kukhala kosavuta, ndipo mwana ayenera kuuzidwa zimenezi asanafike pa msinkhu wolemba kafukufuku. Mmera mpoyamba.

Tsopano ndifike pamene nkhani ziwirizi zimakumana, chifukwa apa ndi pomwe ndikufuna owerenga aimepo. Wophunzira amene akufuna buku, filimu kapena pulogalamu ya kompyuta mwaulere sapita pa tsamba la wosindikiza. Amalemba dzina la chinthucho pa Google n'kuwonjezera mawu opempha chaulere, ndipo amafika pa masamba amene eni ake sadziwika. Masamba amenewa sakhalapo chifukwa chokonda maphunziro. Eni ake amapeza ndalama kudzera m'malonda otsatsa, omwe nthawi zambiri amakhala a juga ndi zolaula, kudzera m'mabatani onyenga amene amaoneka ngati otsitsira buku pamene akutsitsa china, komanso kudzera m'kutolera manambala a foni ndi maimelo a anthu. Fayilo imene mwana akuganiza kuti ndi buku ikhoza kukhala pulogalamu yobisika yomwe imawerenga zonse zimene akulemba, kuphatikizapo mawu achinsinsi olowera mu akaunti. Pulogalamu yobedwa ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa malangizo ake nthawi zambiri amauza munthu kuti ayambe wazimitsa pulogalamu yoteteza ku mavayirasi asanaiike, ndiye kuti munthu amatsegula yekha chitseko n'kuitana wakuba. Foni imene mwanayo akugwiritsa ntchito kawirikawiri ndi ya kholo lake, yomwe ili ndi akaunti ya ndalama ndi zithunzi za banja, ndipo kompyuta imene mphunzitsi waikamo pulogalamu yobedwa ndi yomweyo imene ili ndi mayeso, malikisi ndi mayina a ana.

Wina angaganize kuti ndikukokomeza. Mu Meyi 2017 vayirasi yotchedwa WannaCry inatseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko oposa 150, n'kumalamula dipo kuti iwatsegule, ndipo zipatala zina za ku Britain zinakakamizika kubweza odwala. Kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka mpata umene vayirasiyo inalowera miyezi iwiri m'mbuyomo, koma makompyuta ambiri anali asanachilandire. Kompyuta imene ikuyendera pulogalamu yobedwa kapena yakale imene eni ake anasiya kuikonza ili pa chiopsezo chomwecho tsiku lililonse. Windows 7 inasiya kulandira zigamba zotere mu Januwale 2020, koma mpaka pano imapezeka m'zipinda za makompyuta za sukulu zambiri, ikulumikizidwa ku intaneti ngati kuti palibe chasintha.

Ndikudziwa yankho limene aphunzitsi anzanga andipatse, ndipo sindilipeputsa: mabuku ndi okwera mtengo, laibulale ilibe kanthu, ndipo mwana ali ndi mayeso. Kuuza mwana wotere kuti usakopere basi, osamuonetsa kolowera, ndi kumunyoza. N'chifukwa chake ndikuti phunziroli liyambe ndi zololedwa. Zinthu zaulere zomwe eni ake anavomereza ndi zochuluka kuposa momwe ambiri amaganizira. Laibulale ya pa intaneti ya Project Gutenberg, yomwe inayamba mu 1971, ili ndi mabuku oposa 70,000, ochuluka mwa iwo ndi amene nthawi ya umwini wake inatha ku United States. Yunivesite ya MIT ya ku United States inalengeza mu 2001 kuti iika zipangizo za maphunziro ake pa intaneti kuti aliyense awerenge. OpenStax ya ku yunivesite ya Rice imatulutsa mabuku athunthu a sayansi, masamu ndi zachuma mwaulere, Siyavula ya ku South Africa inachita chimodzimodzi ndi mabuku a masamu ndi sayansi a ku sekondale, ndipo Directory of Open Access Journals, yomwe inayamba mu 2003, imasonyeza magazini a kafukufuku amene munthu angawerenge osalipira. M'malo mwa pulogalamu yobedwa yolembera, pali LibreOffice yomwe ndi yaulere mwalamulo. Bungwe la UNESCO linavomereza mu 2019 mfundo zolimbikitsa maboma kupanga ndi kugawa zipangizo zophunzirira zotseguka chotere. Ngakhale ophunzira osaona anaganiziridwa: Pangano la Marrakesh la mu 2013 limalola kuti mabuku asinthidwe kukhala a zilembo za Braille kapena omvetsera popanda kuyamba wapempha mwini wake.

Zambiri mwa zipangizozi zimayendera ziphaso za Creative Commons, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2001 ndipo linatulutsa ziphaso zake zoyamba mu Disembala 2002. Ziphasozi ndi mwini ntchito akunena pasadakhale zimene walola, ndipo zizindikiro zake ndi zinayi zokha, zomwe mwana wa ku pulayimale angathe kuzigwira m'phunziro limodzi. BY ikutanthauza kuti utchule mwini wake, NC ikuletsa kuchita nayo malonda, ND ikuletsa kugawa ntchitoyo utaisintha, ndipo SA ikuti ukasintha, zimene wapangazo uzigawe pa chiphaso chomwecho. Zolemba za pa Wikipedia zili pa chiphaso cha BY-SA, kutanthauza kuti ngakhale zaulerezo zili ndi lamulo lake. Chimene ndimakonda pa ziphasozi n'chakuti zimazoloweretsa mwana kuyang'ana pansi pa chithunzi asanachitenge, ndipo mwana amene wazolowera kufufuza kuti chithunzi ndi chayani ndi yemweyo amene adzafufuze kuti uthenga wamufikawu wachokera kwa yani.

Pali mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri, yomwe ndikuona kuti ndiyo ingawafike ana pamtima. Wophunzira naye ndi mwini. Chimangirizo chimene walemba, chithunzi chimene wajambula, nyimbo imene wapeka pa mpikisano wa sukulu, zonsezi ndi zake mwalamulo ngakhale ali wamng'ono. Sukulu imene imasindikiza ndakatulo ya mwana m'magazini yake osaikapo dzina lake, kapena mphunzitsi amene amatenga kafukufuku wa wophunzira n'kumutulutsa ngati wake, akuphunzitsa ndi zochita phunziro losemphana ndi limene amalankhula. Gawo 6bis la Pangano la Berne limapatsa mlembi ufulu wotchulidwa dzina pa ntchito yake ndi wokana kuti isinthidwe monyozetsa, ngakhale atagulitsa ufulu wa malonda. Mphunzitsi nayenso zimamugwera: amakonza notsi usiku wonse, mawa amapeza wina akuzigulitsa pa intaneti dzina lake litachotsedwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikukhulupirira kuti mwana amene anamvapo kuwawa kolandidwa ntchito yake safunikanso ulaliki wautali.

Mafunso omwewa, akuti ndi chayani ndipo walola kodi, amagwiranso ntchito pa nkhope ya munthu. Zafala kuti mphunzitsi amajambula ana m'kalasi, nthawi zina akulephera kuwerenga kapena akulira, n'kuika kanemayo pa TikTok kapena Facebook kuti anthu aseke. Ena amaika mapepala a zotsatira okhala ndi mayina onse, ena amaika chithunzi choonetsa yunifolomu ndi chikwangwani cha sukulu, zomwe zimauza mlendo aliyense komwe mwanayo amapezeka m'mawa uliwonse. Foni zambiri zimasunganso m'kati mwa fayilo ya chithunzi malo enieni amene chinajambulidwira ngati GPS inali yoyatsa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, m'gawo 16, limateteza mwana kuti moyo wake wachinsinsi ndi mbiri yake zisasokonezedwe, ndipo mu 2021 komiti yoyang'anira panganolo inafotokoza kuti maufulu amenewa amagwiranso ntchito pa intaneti. Wojambula akhoza kukhala mwini wa chithunzi, koma umwiniwo sumupatsa ufulu woika nkhope ya mwana wa eni pamaso pa dziko lonse kholo lisanavomereze. Ndipo chinthu chikangotuluka sichibwerera. Ungachifufute pa tsamba lako, koma amene anachisunga m'foni zawo sungawalondole.

Masamba ambiri a mchezo amati munthu asalembetse asanakwanitse zaka 13, ndipo chiwerengerochi chinachokera ku lamulo la ku United States la mu 1998 loteteza mbiri za ana pa intaneti. Dziko la Australia linapita patsogolo mu 2024 pokhazikitsa lamulo lokweza msinkhuwo kufika pa zaka 16. Kaya munthu agwirizane ndi lamulo limenelo kapena ayi, mphunzitsi amene amalamula ana aang'ono kuti atsegule akaunti kuti alandire ntchito ya kunyumba akuwauza kuti aname za tsiku lawo lobadwa, ndipo bodza limenelo limachotsa chitetezo chochepa chomwe makampaniwo amaika pa akaunti za ana.

Za akathyali sindichulutsa, chifukwa njira zawo n'zodziwika ngakhale zikupitirizabe kugwira anthu. Uthenga umabwera wonena kuti wapata mwayi wa maphunziro aulere kunja, kapena kuti pali mayeso otuluka kale amene ungagule, kapena mnzako amene akaunti yake yabedwa amakupempha kuti umutumizire manambala asanu ndi limodzi amene akufika pa foni yako. Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yako, ndipo ukawapereka akaunti yapita pamodzi ndi magulu onse a makolo ndi ana amene ulimo. Mankhwala ake ndi osavuta: mawu achinsinsi akhale aatali ndiponso osiyana pa akaunti iliyonse, chitetezo cha magawo awiri, chomwe chimafunsa chitsimikizo chachiwiri munthu asanalowe mu akaunti, chiyatsidwe, ndipo uthenga uliwonse wokufulumizitsa kapena wokuopseza uyambe waufufuza poimbira mwini wake pa nambala imene ukuidziwa kale. Aphunzitsi amene amalemba mawu achinsinsi a kompyuta ya sukulu pa kapepala n'kumata pa tebulo ayambe iwowo.

Choopsa chimene ndikufuna tichikambe poyera, ngakhale n'chochititsa manyazi, ndi cha anthu amene amanyengerera ana kuti atumize zithunzi zamaliseche, kenako n'kuyamba kuwaopseza kuti akapanda kupereka ndalama kapena zithunzi zina azimwaza. Amadzionetsa ngati anzawo a msinkhu umodzi, ndipo anyamata amagwidwa mu msamphawu monga momwe atsikana amagwidwira. Chida chachikulu cha wachiwembuyo si foni koma manyazi a mwanayo, chifukwa amadziwa kuti mwana amaopa kwambiri kukalipiridwa kunyumba ndi kuchotsedwa sukulu kuposa kumvera iye. Pamenepa sukulu imene imangodziwa kulanga imathandiza wachiwembu mosazindikira. Mwana ayenera kumva kuchokera kwa mphunzitsi, zisanachitike, kuti zikadzachitika asadzalipire, asadzafufute mauthengawo chifukwa ndi umboni, asiye kuyankha, ndipo auze munthu wamkulu amene sadzayamba ndi kumuweruza. Bungwe loteteza ana la NCMEC la ku United States lili ndi njira yotchedwa Take It Down, yomwe imathandiza kuchotsa zithunzi zotere za ana pa masamba amene anavomera kugwirizana nalo, ndipo chithunzicho sichichoka m'foni ya mwanayo. Chimene chimatumizidwa ndi chidindo cha manambala chochizindikiritsa. Internet Watch Foundation ya ku Britain, yomwe inayamba mu 1996, imalandiranso madandaulo a zithunzi zozunza ana. Mphunzitsi akapeza chithunzi chotere m'foni ya wophunzira asachitumize kwa mnzake kapena kwa mkulu wa sukulu ngakhale ndi cholinga chabwino, pakuti m'mayiko ambiri kusunga ndi kugawa chithunzi chotere ndi mlandu waukulu paokha. Akanene kwa apolisi ndi kwa oyang'anira chitetezo cha ana. Pa chifukwa chomwecho, ndi nzeru kuti mphunzitsi asamalemberane ndi wophunzira payekha usiku. Zokambirana za sukulu zizidutsa m'gulu lomwe muli kholo kapena mphunzitsi wina, ndipo zimenezi zimateteza onse awiri.

Sindingamalize osatchula mapulogalamu olemba okha, omwe afala kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022. Milandu ya umwini yokhudza mapulogalamuwa ili m'makhoti. Nyuzipepala ya The New York Times inasumira makampani a OpenAI, yomwe inapanga ChatGPT, ndi Microsoft mu Disembala 2023 ponena kuti nkhani zake zinagwiritsidwa ntchito pokonza mapulogalamuwa popanda chilolezo. Koma m'kalasi sitifunika kudikira makhoti kuti tidziwe zinthu ziwiri. Wophunzira amene wapereka zolemba za makina ngati zake wanama monga momwe wokopera m'buku amanamira, ndipo makinawo amatha kupeka mayina a mabuku ndi milandu zomwe kulibe. Mu 2023 maloya ena a ku New York analipitsidwa chindapusa atapereka kukhoti milandu yopeka imene anaitenga ku pulogalamu yotere. Chachiwiri n'cha aphunzitsi: amene amaika mayina a ana, malikisi awo ndi nkhani za matenda awo m'mapulogalamu amenewa kuti awalembere malipoti akupereka kwa kampani yakutali zinthu zomwe si zawo, ndipo kholo silinafunsidwe.

Pempho langa kwa akuluakulu a maphunziro si lakuti awonjezere phunziro lina pa ndandanda yodzaza kale. Zimenezi zilowe m'maphunziro omwe alipo. Mphunzitsi wa chiyankhulo azifuna kuti chimangirizo chilichonse chitchule komwe mfundo zachokera, wa sayansi azilemba pansi pa chithunzi chilichonse chimene waonetsa dzina la mwini wake ndi chiphaso chake, ndipo wa makompyuta aphunzitse ana kusiyanitsa tsamba lenileni ndi lonyenga poyang'ana adiresi yake. M'makoleji osula aphunzitsi ndi momwe ziyenera kuyambira, chifukwa munthu sangaphunzitse chimene iye mwini sanaphunzire. Masiku okumbukira alipo kale kwa amene akufuna poyambira: tsiku la intaneti yotetezeka mu Febuluwale, tsiku la mabuku ndi umwini wa zolemba pa 23 Epulo lomwe UNESCO inakhazikitsa mu 1995, ndi tsiku la umwini wa nzeru pa 26 Epulo lomwe bungwe la WIPO, la United Nations, limatsogolera. Koma tsiku limodzi la masewero ndi ndakatulo silingalowe m'malo mwa chikalata chachifupi chimene sukulu iliyonse iyenera kukhala nacho, chonena kuti ndi ndani angajambule ana ndipo zithunzizo zipita kuti, ndi mlingo wanji wa buku umene ungakopedwe, ndi mapulogalamu ati amene angaikidwe m'makompyuta a sukulu, komanso dzina la mphunzitsi amene mwana woopsezedwa angapiteko popanda kuopa chilango.

Kwa inu a Mkonzi, ndikupempha kuti nyuzipepala yanu ipereke danga lokhazikika pomwe akatswiri a malamulo ndi a makompyuta azitha kuyankha mafunso a aphunzitsi ndi makolo m'chiyankhulo chimene onse akumva, ndiponso kuti pansi pa chithunzi chilichonse chimene mwasindikiza, ngakhale chotengedwa pa masamba a mchezo, pazioneka dzina la amene anachijambula, chifukwa ana athu amawerenganso masamba anu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku sekondale